Kuchoka ku Chirimba kukagwira ntchito ku Limbe: kayendedwe ka pa minibasi

Funso

Ndapeza ntchito pa sitolo ina yopikulitsa katundu ku Limbe, ndipo pakadali pano ndikukhala kwa azakhali anga ku Chirimba. Ndakulira ku Balaka, moti mzinda wa Blantyre ndi wachilendo kwa ine. Timayamba 7:30 m'mawa n'kuweruka 5 koloko, Lolemba mpaka Loweruka. Ndayamba kale kufika mochedwa ndipo abwana andichenjeza. Ndizinyamuka nthawi yanji, ndizikwera minibasi ziti, ndipo pamwezi ndizipatula ndalama zochuluka bwanji? Anzanga akuti ndizingokwera kabaza.

Yankho

Achemwali, msewu utakhala wopanda magalimoto, kuchoka ku Chirimba kukafika ku Limbe ndi ulendo wa theka la ola basi. Nthawi yanu ikuthera malo atatu: pa siteji pamene minibasi ikudikira kudzaza, m'tauni pamene mukusintha minibasi, ndi pa maraundabauti angapo pomwe magalimoto a mzinda wonse amakumana. Malo awiri oyambawo ali m'manja mwanu. Achitatuwo mungawazembe ndi nthawi yonyamukira.

Choyamba dziwani mmene mzindawu unakhalira. Blantyre ndi Limbe anali matauni awiri, iliyonse ndi msika wake ndi depoti yake, ndipo anawaphatikiza mu 1956. Mpaka lero minibasi zimayenda ngati kuti matauniwo akadali awiri. Za ku Chirimba, Mbayani, Chilomoni ndi Lunzu zambiri zimathera ku Blantyre. Za ku Bangwe, Chigumula, Kachere ndi Bvumbwe zimathera ku Limbe. Munthu wogona mbali ino koma wogwira ntchito mbali inayo amakwera kawiri popita, kawirinso pobwera. Onjezanipo mapiri: Ndirande, Soche, Michiru, Mpingwe ndi Bangwe atenga malo ambiri, misewu ikuluikulu ikungodutsa m'mipata yotsala, ndiye njira zolambalalira n'zochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 800,264 mumzindawu, osawerengera omwe amalowa m'mawa uliwonse kuchokera ku Chileka, Mpemba, Thyolo ndi Chiradzulu. Ambiri mwa anthuwa amafuna kudutsa pa msewu wa Masauko Chipembere nthawi imodzimodzi ndi inu.

Chomwe chimayendetsa minibasi

Minibasi ilibe ndandanda ya nthawi, koma zochita zake mungazilosere mukadziwa mmene ndalama imayendera m'katimo. Eni ake ambiri sapereka malipiro okhazikika kwa dalaivala ndi kondakitala. Amawaikira tageti, ndalama yoti madzulo aliwonse akapereke kwa mwini minibasiyo. Mafuta amagulidwa kuchokera pa ndalama za okwera. Oitanira a pa siteji amatenga yawo minibasi ikadzaza, kawirikawiri yofanana ndi mtengo wa munthu mmodzi. Zotsala pambuyo pa zonsezi ndi zomwe awiriwo amagawana. Tsiku likavuta, amabwerera kwawo chimanjamanja koma tageti ya bwana atapereka.

Pafupifupi chilichonse chokukwiyitsani pa minibasi chikuchokera pamenepa. Sinyamuka mpando uli wopanda munthu chifukwa mpandowo ndi ndiwo za kondakitala. Imathira mafuta a ulendo umodzi kapena iwiri chifukwa m'mawa m'thumba mulibe zodzadzitsira thanki. Imathamangitsana ndi inzake kuti ikayambe ndiyo kufika pa siteji yakutsogolo. Imaima pamalo posayenera, ngakhale kubwerera chambuyo, chifukwa kondakitala waona mayi akutsika kanjira ndi dengu pamutu. Mtengo umakwera anthu akachuluka, umatsika minibasi zikachuluka. Sindikunena izi kuti muziwakhululukira zolakwa, zina mwa izo n'zoika moyo pachiswe. Ndikunena kuti mukaima pa siteji muzidzifunsa kuti, dalaivala uyu pakali pano chomupindulira n'chiyani: kunyamuka kapena kudikira? Yankho lake ndilo likuuzeni yoti mukwere.

M'mawa

Mdipiti wa magalimoto umayamba kukula cha m'ma 6:30 n'kufika pachimake pakati pa 7 ndi 8 koloko, pamene ana a sukulu, a m'maofesi ndi a m'mafakitale onse ali pamsewu. Kuti 7:30 ikupezeni muli pa sitolo, muzikhala mutaima pa siteji 6 koloko isanakwane. Zikumveka ngati kulawirira kopitirira muyeso, ndipo masiku ambiri muzifika ku Limbe nthawi ikadalipo. Koma kuchedwa kwa m'mawa sikuyenda mofanana ndi wotchi. Wonyamuka 5:50 amadutsa pa Clock Tower ndi pa Ginnery Corner msewu ukadali wotseguka. Wonyamuka 6:20 amapeza mzere ku Mbayani, mzere wina polowa m'tauni, winanso pa chipatala cha Queens ndi pa Chichiri, ndipo mphindi 30 zomwe anagona zija amazilipira ndi ola lathunthu. Kufika 7 koloko n'kumwa tiyi pafupi ndi ntchito kuli bwino kusiyana ndi kuthamanga thukuta kamukamu abwana atatsegula kale.

Ku Chirimba kuli vuto lakelake. Minibasi zochokera ku Lunzu ndi pa Kameza zimafika kwanuko zitadzaza kale, ndiye m'mawa mutha kuima pamsewu zikungokudutsani. Nthawi imeneyo pitani pamene minibasi zoyambira ku Chirimba komweko zimapakira. Anthu amakhala ambiri, imadzaza pa mphindi zochepa, ndipo mpando mumaupeza. Ngati kwa azakhali kuli pakati pa masiteji awiri, sankhani yomwe minibasi zimayamba kufikako pochokera ku Kameza, ngakhale ikhale yotalikirapo pang'ono. Mpando wotsala umatengedwa ndi amene ali kumtunda kwa mzere.

Masana zimatembenuka. Kuyambira cha m'ma 9 koloko mpaka 3 koloko okwera amachepa, ndipo minibasi yoima pa siteji itha kukusungani mphindi 20 kapena kuposa. Nthawi imeneyo imani pamsewu, mukwere yodutsa yomwe ili kale ndi anthu. Muzisamalanso ndi minibasi yooneka ngati yatsala pang'ono kudzaza. Pamasiteji ena pamakhala anyamata olipidwa kuti angokhalamo. Okwera enieni akamabwera, iwo amatsika mmodzimmodzi. Sizivuta kuwazindikira. Alibe chikwama kapena jumbo, amakhala pafupi ndi chitseko kapena pawindo, amacheza ndi kondakitala ngati mnzawo, ndipo sakuyang'ana nthawi. Wokwera weniweni amaoneka ndi nkhope kuti akuchedwa. Kulira kwa injini ndi kasunthidwe kopita kutsogolo pang'ono n'kubwereranso musakutengere. Ndi njira yoitanira basi.

Musanaponde pachitseko funsani zinthu ziwiri: ikudzera kuti, ndipo ndi zingati. Mawu oti "Limbe" pawokha sakwanira. Kuchokera ku Blantyre pali yodzera Highway (msewu wa Masauko Chipembere uja), yomwe imadutsa pa Ginnery Corner, Queens, Poly, Chichiri, Maselema ndi Yiannakis, ndiye palinso zodzera m'makomboni, mbali ya Chitawira ndi Soche kapena mbali ya Ndirande. Zonse zikafika ku Limbe, koma zodzera m'makomboni zimaima pafupipafupi kutsitsa ndi kukweza. Kwa inu ya Highway ndiyo yoyenera masiku ambiri. Oitanira amavomera chilichonse chomwe mwafunsa malinga mukwere, choncho funsaninso munthu amene wakhala kale m'katimo. Safunsa anadya phula.

Mukamva minibasi ikuitanira Limbe muli mbali ya kwanu komweko, imeneyo ndi yamtengo wapatali, chifukwa ikuchotserani kusintha ndi mtengo umodzi. Komabe funsani kondakitala mwachindunji: "Mukafika nafe ku Limbe, kapena mukatisiya m'tauni?" Funsaninso ngati ilowa m'tauni kapena ilambalala kudzera ku Magalasi ndi Makata. Njira yolambalala imazemba mzere wa pa Clock Tower, koma ikadutsa pa msika wa Ndirande, pomwe msewu ndi wopapatiza ndipo malonda afika m'mphepete mwa phula, phindu lija litha kuthera pomwepo.

Posintha m'tauni muli ndi zisankho ziwiri. Mutha kupita pa Mibawa, pafupi ndi msika wa Blantyre, pomwe mpando ndi wotsimikizika koma mudikira kuti idzaze. Kapena mutha kutsika msanga n'kukaima pa siteji ya m'mbali mwa Highway kudikira yomwe yanyamuka kale. Isanakwane 6:30 chachiwirichi chimafulumira, chifukwa minibasi zimanyamuka ndi mipando yotsala poyembekezera kutola anthu m'njira. Ikapitirira nthawi imeneyo zambiri zimadutsa zodzaza, ndipo kuyenda wapansi kukafika pomwe zikupakira kumapindula. Yesani njira zonse ziwiri, ndipo kwa masabata awiri muzilemba mufoni nthawi yomwe mwafika pa siteji, yomwe minibasi yanyamuka, yomwe mwasintha ndi yomwe mwafika. Mudzaona nokha kuti Lolemba ndi Lachisanu n'zosiyana ndi Lachitatu, kuti kumapeto kwa mwezi magalimoto amachuluka, ndiponso kuti sukulu zikatsekera msewu umapepuka kwambiri moti mutha kuwonjezera tulo pang'ono.

M'kati mwa minibasi

Zambiri ndi Toyota HiAce ndi Nissan Caravan, ndiye pali zing'onozing'ono monga Mazda Bongo ndi Nissan Vanette. HiAce ya mizere inayi imayenera kunyamula awiri kutsogolo ndi atatu pamzere uliwonse, onse pamodzi 14. Lamulo ndi atatuatatu. Akakuikani anayianayi mumakhala 18, kondakitala ataweramira pamwamba pa okhala kuchitseko. Kupanikizana ndi vuto laling'ono pa nkhaniyi. Galimoto yolemedwa imachedwa kuima akaponda buleki, matayala amatentha, ndipo dalaivala wodziwa kuti walakwa amayamba kuzemba apolisi a pamsewu: kukhotera m'tinjira tafumbi, kapena kutsitsa anthu awiri patali ndi pomwe apolisi aima kuti akawapeze kutsogolo wapansi. Minibasi ikagwidwa, inu ndi amene mumakhala m'mbali mwa msewu nthawi ikupita. Choncho yonyamula moyenera, ngakhale ioneke yochedwa kunyamuka, nthawi zambiri ndi imene imayamba kufika.

Mpando muzisankha molingana ndi potsikira. Popeza inu mumakatsikira kumapeto, khalani mkati, pawindo la mzere wachiwiri kapena wachitatu. Wokhala pa kampando kopinda ka mbali ya chitseko amatsika pa siteji iliyonse kupereka njira, ndipo nthawi ya mvula ndi amene amanyowa ndi kuponda matope. Malo a kumbuyo kwenikweni kwa dalaivala, pomwe ena amakhazikidwa atayang'ana kumbuyo, ndi pamwamba pa injini: pamatentha, palibe pogwira, ndipo si mpando. Akanani. Mzere womaliza ndi wabwino pokhapokha chitseko chakumbuyo chitatsekeka bwinobwino. Mukaona achimanga ndi chingwe chifukwa cha matumba a makala kapena mabelo a kaunjika, dziwani kuti fumbi ndi utsi zizilowera pamenepo, ndipo bulauzi yoyera ikafika ku Limbe itasintha mtundu.

Pali zinthu zoti muziziona ndi diso limodzi musanakwere, sizitenga nthawi. Galimoto yololedwa kunyamula anthu pa malipiro imakhala ndi nambala yofiira. Pa galasi lakutsogolo pamamatidwa timapepala ta COF (tosonyeza kuti galimoto inayesedwa ndipo ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi ta inshuwalansi. Yang'anani tayala lomwe lili pafupi nanu: ngati lasalala mpaka mizere yatha, nthawi ya mvula imeneyo si yokwera. Chitseko chomwe kondakitala akuchigwirizira ndi dzanja kuti chisagwe chikukuuzani mmene mwini wake amasamalira zinanso zomwe simukuziona, monga mabuleki. Ndipo mukamva fungo la mowa kwa dalaivala, tsikani pomwepo, ngakhale mutalipira kale. Ndalama ya ulendo umodzi musaiyerekeze ndi miyendo yanu.

Foni ikhale m'chikwama, chikwamacho pamiyendo, zipi itayang'ana kwa inu. Akuba a pa minibasi amagwira ntchito nthawi ziwiri: pamene anthu akukankhana pachitseko madzulo, ndi pamene minibasi yaima pamzere windo lili lotsegula, wina akuyankha uthenga foni ili m'manja. Ndalama yolipira muziitulutsiratu musanafike pa siteji n'kuiika payokha, kuti musamatsegule kachikwama ka ndalama anthu akuona.

Chenji, kugulitsidwa ndi kutha kwa mafuta

Mikangano yambiri ya m'minibasi ndi ya chenji. M'mawa kondakitala amakhala asanatolere kanthu, ndiye mukamupatsa K5,000 pa ulendo woyamba mwadzipalira nokha mavuto. Madzulo aliwonse sinthiranitu ndalama za mawa, muzikhala ndi ma K500, ma K200 ndi ma K100. Ngati mulibe yaing'ono, nenani musanakwere kuti muli ndi yaikulu, avomere yekha. Popereka tchulani mokweza pang'ono kuti oyandikana nanu amve: "Iyi ndi K5,000, wa Limbe mmodzi." Mukumbutseni chenji mukadali kutali ndi potsikira, chifukwa pa siteji yomaliza amakhala ali pakati pa anthu otsika ndi oitanira, ndipo minibasi ikangotembenuka simumuonanso. Nthawi zina amapereka ndalama imodzi kwa anthu awiri osadziwana kuti akagawane okha. Ngati mukuthamangira ku ntchito kanani, chifukwa mudzathera mphindi zanu mukufunafuna wogulitsa nthochi woti akusinthireni. Airtel Money kapena Mpamba makondakitala ena amalandira, ena amakana kapena amafuna muwonjezere yochotsera; musadalire zimenezo m'mawa.

Musalipire minibasi isananyamuke. Mukalipira mwamangika, ngakhale ina yodzaza idutse pambali panu.

Kugulitsidwa kumachitika motere: minibasi yatsala ndi anthu anayi kapena asanu, dalaivala waona kuti mbali inayo kwaima anthu ambiri, ndiye amaimitsa inzake n'kukusamutsirani kuti iye abwerere. Izi zimachitika kawirikawiri ndi minibasi zija zolonjeza Limbe kuchokera kutali. Simukuyenera kulipiranso. Koma musatsike msanga. Dikirani muone kondakitala wanu akupereka ndalama kwa mnzakeyo, ndipo mumve watsopanoyo akuvomera chiwerengero cha anthu amene walandira. Ngati muli ndi chenji chotsala, chitengeni musanasamuke. Mukalowa mu yachiwiri popanda zimenezi, mukafika kutsogolo adzakuuzani kuti sakukudziwani.

Mafuta akathera panjira mudzaona kondakitala akutuluka ndi chigubu. Ngati malo omwetsera mafuta akuoneka ndi maso, dikirani. Ngati ali kutali, kapena ndi nyengo yomwe mafuta akusowa, pemphani gawo la ndalama yanu la mtunda wotsala asananyamuke ndi chigubucho, chifukwa thumba la ndalama limapita naye. Okwera mukalankhula pamodzi amabweza. Mukalankhula nokha amakunyalanyazani.

Madzulo, mvula ndi masiku ovuta

Kuweruka 5 koloko kukuikani pakati penipeni pa chipwirikiti. Kuyambira cha m'ma 4:30 mpaka 6:30 anthu amachuluka kuposa mipando, mitengo imakwera, ndipo makondakitala amakonda otsika pafupi kuti mpando umodzi augulitse kawiri. Mukangoweruka pitani molunjika pokwerera. Zogula za pamsika muzigula nthawi ya nkhomaliro. Mphindi 10 zoyambirira pambuyo pa 5 koloko n'zofunika kwambiri, chifukwa masitolo ndi maofesi onse amatsekera limodzi ndipo khamu limafika pa siteji nthawi imodzi. Ena amasankha kudikira mpaka cha m'ma 6:30 kuti mzere uphwe ndi mtengo utsike. Kwa mwamuna wokhala m'mbali mwa msewu zimenezo zimatheka. Kwa inu, amene muli ndi minibasi yachiwiri yoti mukwere komanso kanjira kokafika kunyumba, sindikulimbikitsa. M'miyezi ya June ndi July mdima umagwa 6 koloko isanakwane, chiperoni chikabwera kumada msanga kuposa pamenepo, ndipo ikapitirira 8 koloko minibasi za m'makomboni zimayamba kusowa. Tsiku lomwe mwachedwa, imbirani kunyumba wina adzakuchingamireni pa siteji.

Nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, muziwonjezera mphindi 20 pa ulendo wa m'mawa kukakhala mitambo. Mvula ikagwa, oyenda wapansi ndi okwera kabaza onse amathamangira minibasi, madzi amabisa maenje, ndipo galimoto imodzi ikafera pa raundabauti msewu wonse umaima. Ambulera yaing'ono ndi nsapato zosinthira zizikhala m'chikwama. Loweruka m'mawa msewu umakhala wopepuka, koma masana a tsiku la mpira waukulu pa Kamuzu Stadium, makamaka Bullets ikamakumana ndi Wanderers, pa Chichiri pamatsekeka; tsiku limenelo ndi lomwe yodzera m'makomboni imaposa ya Highway. Nyengo yogulitsa fodya nayonso imabweretsa malole ambiri ku Limbe chifukwa cha okushoni.

Masiku osowa mafuta ndiye ovuta koposa. Minibasi zambiri zimagona pamizere ya mafuta, zomwe zili pamsewu zagula a pabulaki, ndipo mtengo utha kuwirikiza tsiku limodzi. Mizere ya mafutayo imadyanso mbali ya msewu, n'kuchititsa kuti magalimoto aziyenda mzere umodzi. Muzimvetsera nkhani za madzulo: bungwe la MERA likalengeza mtengo watsopano wa mafuta, m'mawa mwake minibasi zimakhala zitakweza kale. Zinachitikanso chimodzimodzi kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Masiku otere nyamukani mofulumirirapo ndi theka la ola, ndipo uzani abwana dzulo lake, osati mutachedwa kale.

Za kabaza ndi Sienta

Anzanuwo akunena zoona pa chinthu chimodzi: njinga yamoto imadutsa pomwe minibasi yaima. Koma kuchoka ku Chirimba mpaka ku Limbe pa kabaza tsiku ndi tsiku sindingakulangizeni. Mtengo wake pa mtunda wotere ndi woposa wa minibasi kangapo. Choopsa kwambiri n'chakuti ambiri oyendetsa alibe laisensi, njinga zambiri zilibe nambala ngakhale inshuwalansi, ndipo liwiro lomwe mukulifunalo limapezeka podutsa pakati pa malole ndi minibasi zomwe zimakhota mosapereka chizindikiro. Pa minibasi ngozi yaing'ono imathera pa chitsulo chophwanyika. Pa kabaza ngozi yomweyo imathera pa mwendo wanu. Kabaza muzimugwiritsa ntchito pa kamtunda kakafupi, monga kuchoka kunyumba kukafika pamsewu waukulu, kapena tsiku limodzi lomwe zinthu zathina. Gwirizanani mtengo musanakwere, valani chipewa chodzitetezera n'kumanga lamba wake pachibwano, khalani motang'adza osati chammbali, ndipo musalole kukwezedwa awiri. Akayamba kuthamanga mopitirira, muuzeni achepetse, mukulipira ndinu.

Magalimoto ang'onoang'ono monga Sienta amadzaza msanga chifukwa mipando ndi yochepa, ndipo saimaima kwambiri. Amakwererapo mtengo, ndipo nawonso amapanikiza anthu, mpaka awiri pampando wakutsogolo. Ndi othandiza m'mawa womwe mwadzuka mochedwa. Usiku, galimoto yopanda nambala yofiira yomwe muli amuna okhaokha osawadziwa musakwere, ngakhale itchipe bwanji.

Oitanira ena amagwira chikwama kapena dzanja kukukokerani ku minibasi yawo. Boma linaletsa kuitanira mu 2006, koma pamasiteji akadalipo. Gwirani chikwama chanu nokha, nenani mwamphamvu kuti "Ndisiyeni, ndikwera yomwe ndikufuna," ndipo pitirizani kuyenda. Wina akakugwirani mosayenera m'minibasi, lankhulani mokweza nthawi yomweyo. Amayi ndi abambo omwe ali momwemo nthawi zambiri amaikira kumbuyo wolakwiridwa akamva. Nkhani yotere mutha kukaitula ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit. Chizolowezi china chabwino ndi kuloweza kapena kulemba nambala ya minibasi musanakwere, makamaka madzulo. Mukaiwalamo katundu, kapena pakachitika ngozi, lipoti la apolisi ndi chipukutamisozi cha inshuwalansi zonse zimayambira pa nambala imeneyo. Pakachitika ngozi pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale mukumva bwino, ndipo sungani mapepala onse.

Ndalama za pamwezi

Mitengo imasintha pafupipafupi, choncho gwiritsani ntchito mtengo womwe mwalipira sabata ino. Mukugwira masiku 26 pamwezi, ndipo tsiku lililonse mukukwera kanayi. Kumeneko ndi kukwera ka 104. Tingoyerekeza kuti ulendo uliwonse ndi K1,000: pamwezi ndi K104,000. Pamwamba pake onjezani gawo limodzi mwa magawo asanu, K20,800 pa chitsanzo chathuchi, la mitengo ya madzulo, masiku a mvula ndi kabaza wa mwadzidzidzi. Malipiro akangotuluka patulani ndalama imeneyi yonse, muigawe m'masabata anayi, ndipo isakhale pamodzi ndi ya ndiwo. Ambiri amene amajomba ku ntchito sabata yomaliza ya mwezi sikuti adwala. Ya minibasi yatha.

Pali njira zochepetsera. Masana ndi m'mawa kwambiri mtengo umakambika, makamaka minibasi ikakhala yopanda anthu. Nenani ndalama yomwe muli nayo musanakwere, kondakitala avomere kapena akane. Madzulo anthu ali pamzere musayese n'komwe. Funsaninso kuntchito ngati pali anzanu okhala mbali ya Chirimba, Machinjiri kapena Lunzu amene amabwera pa galimoto, muzisonkherana ya mafuta, kapena ngati galimoto ya pa sitolo imagona mbali imeneyo.

Mukamaliza kuwerengera, ikani chiwerengerocho pambali pa lendi ya chipinda chimodzi ku Bangwe, Kachere, Chiwembe kapena Misesa. Kumeneko mungamakwere kamodzi popita, kamodzi pobwera, kukwera ka 52 pamwezi m'malo mwa 104, ndipo madera ena oyandikira mungamayende wapansi kukacha bwino. Kwa azakhali mwina simulipira lendi ndipo mumadya pamodzi, choncho powerengera musaiwale chakudya, makala, madzi ndi magetsi zomwe mukadzakhala panokha zidzakhala zanu. Miyezi itatu yoyamba khalani kwa azakhaliwo, ntchito ikhazikike ndipo mzinda muudziwe. Ikadzatha, ngati ya minibasi ikudya kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro anu, khalani nawo pansi muwaonetse masamuwo, ndipo muwapemphe akuthandizeni kufufuza nyumba ya anthu odziwika mbali ya Limbe.